Wakupha Wotseka Maso a Akufa

Kalekale, m'midzi ya m'tsinde mwa phiri lina, akazi opita kunkhuni anayamba kupezeka ataphedwa. Aliyense ankapezeka atagonekedwa mwaulemu, maso atatsekedwa, chibwano chitamangidwa ndi kansalu. Ena anati ndi wamisala, ena anati ndi mlendo. Paja ife zoipa timakonda kusenzetsa obwera.

Boma linatumiza Sajeni Eneless Chinkhota, wapolisi amene anaphunzira kudziwa khalidwe la chigawenga poona zimene chasiya. Ataona mitemboyo anati, "Uyu si wamisala ayi. Ndi munthu wofatsa, wozolowera maliro, amene akazi samuthawa akakumana naye kutchire. Tifufuze pakati pa adzukulu okumba manda." Analondola ndithu. Koma anthu atamukalipira kuti akunyoza mwambo, anachita mantha, nabwerera kutauni kukadikira umboni.

Mkulu wa adzukulu, bambo Kamtengeni, anazindikira mfundo ya kansalu kaja. Kamangidwe kameneko anaphunzitsa ndi iwo, ndipo amene anakagwira bwino anali mdzukulu mnzawo Dafita yekha. Koma pagulu anati, "Mukangofunsa mmodzi wa ife, tonse titula makasu pansi, maliro anu muziika nokha." Ankateteza anzawo, amene anthu amangowakumbukira pakagwa zovuta.

Nangondo, mkazi wa Dafita, ankaona mwamuna wake akusamba mankhwala a kumanda kuseri kwa nyumba, pamene m'mudzi munalibe maliro. Tsiku lina anafunsa, "Kodi bambo, wamwalira ndani?" Dafita anati, "Mumva mawa." Mawa lake anamvadi. Koma anatseka pakamwa, poti mwamunayo sanamumenyepo, ndipo ana ankamukonda.

Kenako anaphedwa Tiyanjane, mwana yekhayo wa mayi Nasoko. Apa m'pamene milomo inamasuka. Nangondo anaulula kwa bambo Kamtengeni, iwo anaitanitsa sajeni, ndipo sajeni anamanga Dafita ali m'dzenje, akukumba manda a mtsikanayo. Zimandiwawa, abale anga, chifukwa zonsezi zikanatheka Tiyanjane akadali moyo.

Sajeni, bambo Kamtengeni ndi Nangondo anafika pasiwa, nagwada pakhomo misozi ili mbwembwembwe. Mayi Nasoko anawayang'ana, nati, "Mtima wanga watsala kachidutswa. Ndingathe kukhululukira mmodzi yekha. Awiri enawo musadzapondenso pakhomo pano, ngakhale pa maliro anga."

Tsono ndikufunseni inu amene mwamva nkhaniyi: mayiwa akhululukire yani, amene anadziwa nathawa, amene anazindikira naopseza, kapena amene anaona nakhala chete?