Pokalika pa Chitseko cha Mkwatibwi

M'tauni ina munali bambo wina amene ntchito yake inali yopukuta magalimoto. Malo ake anali pansi pa mtengo wa jakaranda kuseri kwa galaja, ndipo anali ndi makina a magetsi, aja okhala ndi siponji yozungulira kutsogolo. Anali waluso ndiponso wosamala. Sankapukuta galimoto ili padzuwa, chifukwa polishi amaumira pachitsulo chotentha. Sankayatsa makina pansi pali ponyowa. Chingwe cha magetsi ankachikoleka paphewa kuti chisakodwe, manja a malaya atapinda.

Tsiku lina m'mawa kunabwera mayi wamasiye, Mayi Nasoko, ndi galimoto yakale yobiriwira imene amuna awo anasiya.

"Loweruka mwana wanga akukwatiwa," anatero mayiwo. "Akuti safuna galimoto ina, koma ya bambo ake yomweyi. Ndithandizeni bambo, iwale."

Atachoka mayiwo, munthu uja anatsuka galimotoyo mpaka mchenga wonse unatha, pakuti kamchenga kamodzi kakalowa pansi pa siponji kamakala penti yonse. Anaiumitsa ndi nsalu, nadikira kuti pansi paume. Kenako anadontheza polishi pang'ono, anagoneka siponji pagalimoto, ndipo apo m'pamene anayatsa makina, pa liwiro lochepa.

Makinawo ankalira chapansipansi ngati njuchi zili mumng'oma. Dzanja linkapita, linkabwera, linkapita, linkabwera, mopepuka ngati la mayi wosisita khanda kumsana. Pang'onopang'ono mtundu wobiriwira uja unayamba kudzuka. Poyamba m'boneti munaoneka maluwa a jakaranda. Kenako munaoneka thambo, ndi mitambo ikuyenda mwaulesi ngati ng'ombe zopita kudambo. Munthuyo anaiwala phokoso la mumsewu. Zinali ngati sakupukuta chitsulo, koma akukankha ndere padziwe kuti madzi oyera aonekere.

Atafika pachitseko cham'mbuyo, chimene mkwatibwi adzalowere, anapeza pokalika, kutalika ngati chala. Anadutsitsapo makina kamodzi, sipanachoke. Kachiwiri, sipanachoke. Mtima wake unayamba kutentha. Galimoto yonse ikuwala, koma maso ake sankaonanso china, koma pokalika pokhapo. Anawonjezera liwiro. Anatsamira makina ndi thupi lonse, naima pamalo amodzi, chinthu chimene iye mwini ankadziwa kuti sichichitika.

Kenako anamva fungo la chinthu chopserera.

Anazimitsa makina msangamsanga. Atakhudza chitseko ndi kunja kwa dzanja, chinali kutentha ngati simbi. Penti yozungulira malowo inali itayamba kutuwa, koma pokalika paja panali pomwepo. Panali pozama kuposa penti.

Anakhala pansi patayala lakale, maso ali pachitseko. Mphepo inadutsa, maluwa awiri atatu anagwa. Ndipo m'chitseko chija, mbali ina chowala, mbali ina chotuwa, anaona ngati nkhope ya mkazi wake.

Zaka zisanu ndi ziwiri m'mbuyomo, amayi ake a munthuyu anadwala. Mkazi wake anaganiza kuti ndi malungo wamba, ndipo anachedwa kupita nawo kuchipatala. Gogoyo anamwalira. Mkaziyo anapepesa akulira, anapepesanso atachoka kumanda, anapepesanso chaka chitatha. Koma mwamunayo, akangosemphana pang'ono, kaya pa mchere, kaya pa ana, ankabwerera pomwepo: "Si iwe unachedwetsa amayi anga?" Mkazi amene kale ankaseka mpaka oyandikana nawo kumva, tsopano ankayenda m'nyumba mwake ngati mlendo.

Masana Mayi Nasoko anabwera, nam'peza akadali patayala paja.

"Bwanji bambo, magetsi azima?"

"Ayi mayi, ndalakwa ndine. Ndinalimbana ndi pokalika apa mpaka ndayamba kuwotcha penti. Ndikanapitiriza ndikanafika pachitsulo, mvula ikanalowetsa dzimbiri."

Mayiwo anawerama, anayang'ana, naseka pang'ono. "Bola mwaima. Pasiyeni. Mwana wanga sakukwatiwa ndi chitseko."

Munthu uja anazula chingwe kukhoma, anatenga siponji yofewa m'manja, napaka phula galimoto yonse, mofatsa, osatsamira pamalo amodzi. Pokalika paja anapakapo ndi chala kuti madzi asalowe. Sipanachoke ayi. Koma galimotoyo potuluka pamthunzi, anthu odutsa anaima kuiyang'ana, ndipo palibe anafunsa za chitseko.

Tsiku limenelo anaweruka dzuwa likadali pamwamba. Kunyumba anapeza mkazi wake atakhala pamkeka akusankha nyemba. Anaima kanthawi, chipewa chili m'manja.

"Amake Lonjezo, nkhani ya amayi ija yatha. Sindidzaitchulanso. Mundikhululukire inenso."

Mkaziyo anamuyang'ana nthawi yaitali. Anangosendera pambali pang'ono, kuti pamkekapo pakwanire awiri.

Abale ndi alongo, tanthauzo lake ndi ili. Aliyense wa ife Mulungu anam'patsa makina m'manja, ndiwo lilime. Lilime lomwelo limawalitsa munthu, lomwelonso limamuwotcha. Mbale wako akalakwa, muuze, pakuti kudzudzula m'chikondi n'kwabwino. Koma akalapa, dzanja lichokepo. Pali zolakwa zina zozama zimene sizifufutika ngakhale uzitchule kambirimbiri. Wakufa sabwerera chifukwa wakumbutsa. Ukatsamira pomwepo, sukuchotsa cholakwa, ukutha munthu.

Mau a Mulungu amati chikondi chimakwirira machimo ambiri. Sanati chimawapala mpaka pafupa. Ambuye wathu akanati aime pa tchimo lako limodzi ndi mphamvu zake zonse, ndani mwa ife akanatsala? Ndiye iwe amene kunyumba kwako kuli munthu amene wamutsamira pamalo amodzi zaka ndi zaka, zimitsa lero, asanapse.