Chaka Chimene Miimba Inachoka

Kalekale, ana inu, agogo a agogo anu asanamere mano, panali mudzi wina m'mphepete mwa dambo lalikulu. Anthu ake anali oweta ng'ombe. Kuseri kwa makola kunali mtengo wa mlambe, ndipo mumlambemo munkakhala miimba.

Mwimba ndi chimbalame chachikulu, chamutu wadazi, khosi lalitali lopanda nthenga, mlomo wokhota. Chakudya chake ndi nyama yakufa. Anthu a m'mudzimo ankaiopa miimba. Ankati imaitana imfa. Umodzi ukangodutsa pamwamba pa bwalo, amayi ankakokera ana m'nyumba.

M'mudzimo munali munthu wina dzina lake Mangulenje. Anali ndi mkazi wake Nangondo, ndi mwana wawo wamkazi Mwatitha. Tsiku lina mng'ono wake wa Mangulenje anapita kukafula uchi kuthengo, osabwerera. Anamufuna tsiku loyamba, sanamupeze. Anamufuna lachiwiri, sanamupeze. Lachitatu anaona miimba ikuzungulira kutali, nailondola. Anamupeza ali pansi pa mtengo umene anagwamo, atauma kale, miimba itamuzinga.

"Yamupha ndi imeneyi," anatero Mangulenje.

Pagululo panali a Kamtedza, nkhalamba yofufuta zikopa. Iwo anapukusa mutu.

"Mwana wanga, mbale wako wagwa mumtengo. Miimba yabwera imfa itadutsa kale. Ikanapanda iyo, bwenzi tikumufunabe."

"Inu mumagawana nayo nyama zakufa, agogo. N'chifukwa chake mukuiikira kumbuyo."

Maliro atatha, Mangulenje anakakumba mizu yachiphe imene alenje ankapaka kumivi. Anaisinja, naipaka panyama ya mbuzi, nakaiika pansi pa mlambe. Miimba inatsika. Inadya. Wina unagwa, phi. Wina unagwa, phi. Dzuwa lisanapendeke, pansi ponse panali mapiko okhaokha. Yochepa imene inatsala inakwera m'mwamba, n'kulowera kuseri kwa mapiri. Anthu anasangalala mpaka kufulula mowa.

Chilimwe chitafika, nthenda inagwa m'makola. Ng'ombe yoyamba inafera kudambo. Kale ng'ombe ikafa m'mawa, madzulo pankatsala mafupa okha. Koma iyi inangokhala pomwepo. Inatupa. Inaphulika. Yachiwiri inafa, yachitatu, yachikhumi. Nyama yake anthu ankaopa kudya. Anayesa kukumba maenje, koma nthaka inali gwa, makasu ankangonjanja. Anayang'ana kumwamba. Kumwamba kuli mbee.

Ntchentche zinadza, bii, mpaka m'mbale za ndiwo. Zowola zinayenderera n'kulowa m'chitsime. Ana anayamba kutsekula m'mimba, Mwatitha nayenso anagona pamphasa, maso atalowa.

Kenaka agalu. Agalu a m'mudzi anasiya eni ake, nasamukira kudambo kukadya zowolazo. Anabwera enanso achilendo ochokera kosadziwika. Ananenepa, anaswana. Ukaitana wako ndi dzina, ankangokuyang'ana, mano ali pamtunda. Ankayenda m'magulu masana dzuwa likuswa mtengo, ndipo mudzi wonse unali zii, zitseko zotseka.

Tsiku lina Nangondo anati, "Bambo a Mwatitha, mwanayu madzi a pachitsime amupha. Ndikatunge kukasupe."

"Kukasupe n'kutsidya kwa dambo, mayi. Dikirani ndikatsekulire ng'ombe zatsalazi, tipitire limodzi."

Koma mwana analira ludzu, ndipo Nangondo sanadikire. Anasenza mtsuko, nadutsa m'dambo atatseka mphuno ndi nsalu. Anafika kukasupe. Anatunga. Potembenuka, anaona galu atayima pakati panjira.

Galuyo sankauwa. Mutu unali wozolika, maso ali psuu, dovu likuchucha mpaka pansi. Anayenda modzandira, n'kuima. Anayendanso, n'kuima. Anali wachiwewe. Nangondo anayamba kubwerera chafutambuyo.

A Kamtedza anali kumunsi kwa kasupeyo, akunyika zikopa. Anathamanga mmene ingathamangire nkhalamba, naponya chikopa chonyowa pamutu pa galu, namupanikiza pansi.

"Thawa, mwana wanga. Usataye madziwo."

Nangondo anathawa, mtsuko uli pamutu. A Kamtedza anamupha galu uja ndi mwala. Koma pofika kumudzi, padzanja lawo panali tizibowo tiwiri totuluka magazi.

Bala linapola. Mwezi unatha. Tsiku lina Nangondo anawapititsira madzi akumwa, ndipo a Kamtedza atangoona chikho anadzidzimuka, khosi linakokeka, nachikankhira kutali. Onse awiri anadziwa kuti chiwewe cha galu uja chawalowa a Kamtedza.

"Kaitane amuna ako," anatero a Kamtedza. "Abwere ndi chingwe."

Mangulenje anafika, nagwada pakhomo, osatha kuwayang'ana kumaso.

"Undimangirire ku mzati uwu nzeru zisanandichoke, ndingalume munthu. Ukatero, umve izi. Ng'ombe ikafanso, usaisiye kudambo. Uikokere pathanthwe la pamwamba pa phiri, poyera, poti ioneke kutali. Agalu uwaingitse. Miimba ili ndi maso akuthwa, idzaona."

"Agogo, ine ndinaipha. Ingabwerere kwa ine?"

"Siisunga mangawa. Imangofuna chakudya chake. Manga, ukuchedwa."

Mangulenje anamanga, misozi ikugwera pachingwe. Masiku anayi mudzi wonse unkamva kubuula kuchokera m'nyumba imene ija. Lachisanu kunali chete.

Atawaika m'manda a Kamtedza, ng'ombe ina inafa. Mangulenje anapempha amuna anzake kuti amuthandize kuikoka. Anakana.

"Ukufuna kutiitaniranso imfa?"

"Imfa ili kale m'nyumba zathu," anayankha Nangondo, nagwira chingwe pamodzi ndi mwamuna wake.

Anamangirira ng'ombe yakufayo ku ng'ombe ziwiri zamoyo. Anakoka, napuma. Anakoka, napuma. Pofika pathanthwe, zikhatho zinali matuza okhaokha. Nangondo anabwerera kwa mwana, Mangulenje anatsala yekha ndi mkondo, atasonkha moto kumene njira imatulukira.

Tsiku loyamba anayang'ana kumwamba. Kuli mbee. Agalu atatu anafika, nakhala patali.

Tsiku lachiwiri anayang'ana kumwamba. Kuli mbee. Agalu anafika khumi. Iye akaponya chikuni chamoto ankabwerera pang'ono, n'kusenderanso.

Tsiku lachitatu nkhuni zinatha. Agalu anazinga thanthwe lonse, malilime ali panja. Mmodzi anakwera. Wina anakwera. Mangulenje anagwira mkondo ndi manja awiri. Apo anamva mphepo yachilendo pamutu pake, fuu, fuu, ngati munthu akukutumula mphasa yaikulu.

Unali mwimba. Unatera pa ng'ombe ija, n'kutambasula mapiko. Unatera wachiwiri. Inatera isanu, khumi, makumi awiri, mpaka thanthwe linada. Agalu anayesa kuuwa, koma milomo ndi mapiko zinawachulukira, ndipo anatsetsereka n'kuthawa, michira ili pakati pa miyendo.

Mwimba umodzi waukulu unasiya kudya. Unayenda chodumphadumpha kulunjika kwa Mangulenje, khosi lili magazi okhaokha. Unaima pafupi moti iye anamva fungo lake. Unamuyang'ana ndi diso limodzi, n'kupendeketsa mutu, n'kumuyang'ananso ndi linalo. Mkondo unagwa m'manja mwake.

"Pepani," ananong'ona. "Idyani."

Mwimba unatembenuka n'kubwerera kwa anzake. Dzuwa lisanalowe, pathanthwe panatsala mafupa oyera.

M'mawa mwake miimba inatsikira kudambo. Patapita masiku angapo, dambo linayera. Ntchentche zinachepa. Agalu atasowa chakudya anabalalika. Mwatitha anadzuka pamphasa, napempha phala. Koma ana anayi a m'mudzimo sanadzuke, ndipo a Kamtedza sanaone chilichonse cha izi.

Mangulenje mantha sanamuthere. Mpaka imvi zinamera, ankaima patali miimba ikamatera. Koma ng'ombe ikafa m'mudzimo, woyamba kutenga chingwe anali iyeyo.

Nkhuni zanyeka, ana inu, nayo nthano yafika pamathero ake. Chamoyo chimene chikukuopsani, yambani mwafunsa ntchito yake musanatole mwala.