Fisi pa Thanthwe la Dazi

Senderani kuno, ndipo ndikati padangokhala, inu muziti tili tonse.

Kalekale, nyama zikadalankhula, pakati pa nyanja ya madzi amchere padali chilumba chotchedwa Nankhwazi. Madzi a m'nyanjamo ukamwa, ludzu limachita kukula. Choncho nyama zonse zinkamwa pakasupe mmodzi yekha, wotumphuka pansi pa mikuyu ya m'chigwa. Ngakhale mwana wa mbewa ankadziwa kuti mikuyuyo ikadzatha, kasupe adzauma.

Kumtunda kudali thanthwe lalikulu losamera ngakhale udzu, dzina lake Dazi. Pamenepo m'pamene Gulo ankaswera kuwothera dzuwa. Anzake ankamunena kuti ndi mlesi, iye n'kumangogwedeza mutu.

Tsiku lina kudakocheza bwato lalikulu. Mudatsika Mvuu, kapitawo wake Fisi, ndi anyamata awiri a nkhwangwa, Njati ndi Nguluwe.

"Abale anga," adatero Mvuu, "ndabwera ndi magalasi a sola. Masana amamwa dzuwa, kukada amakupatsani magetsi."

Nthungululu zidamveka chilumba chonse. Koma Mvuu, ngakhale adali wabwino mtima, thupi lidamulemera, ndipo zokwera zitunda sankazifuna. Adakhala m'madzi m'mbali mwa bwato, natuma Fisi kuti akasankhe malo. Fisi atalowa m'chigwa muja n'kuona mikuyu ndi mibawa, dovu lidayamba kuchucha. Ena onse ankaona mitengo, iye ankaona matumba a makala.

"Bwana," adatero pobwerera, "malo ndawapeza. Tigwetse nkhalango yonse ya m'chigwa, tiyale magalasi."

Nthungululu zija zidazima. Nkhanu, amene ankasesa pakasupe m'mawa uliwonse, adagwira m'mutu. "Mayo ine! Nanga ana athu azidzamwa magetsiwo?"

"Inu a pachilumba vuto lanu n'lomweli," adatero Fisi. "Chitukuko chikabwera mumachithawa."

Gulo adatsika pathanthwe pake pang'onopang'ono. "Zikomo a Mvuu, mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, magetsiwo tikuwafuna. Koma bwanji osawayala pa Dazi, popanda mtengo ndi umodzi womwe?"

Fisi adaseka mpaka kugwa chagada. "Pamwala paja? Bwana, musamvere mlesiyu. Ndafikapo ine. Dzuwa la pamenepo n'lozizira, limangodutsa ngati wapaulendo."

Bodza lotere! Koma Mvuu adakhulupirira, poti sadakwereko. Njati adayamba kunola nkhwangwa, ndipo Gulo mtima udamuwawa kwambiri. Adayang'ana mikuyu, adayang'ana Nkhanu akulira, kenaka adati:

"Chabwino. Koma kuno tili ndi mwambo umene adatisiyira makolo. Wofuna kudula mtengo wamoyo amayamba waswera pa Dazi, kuyambira dzuwa likamatuluka mpaka litalowa, kuti alawe dziko lopanda mthunzi. Akapirira, nkhwangwa ndi yake."

"Zoona, zoona!" zidavomera nyama zonse.

"Kwa eni kulibe mkuwe," adatero Mvuu. "Mwambo utsatidwe."

M'mawa mwake adakwera Njati. Gulo adakhala pambali pake, nyama zonse zili m'mphepete mwa nkhalango, zikuimba:

Dzuwa, dzuwa, mlendo wafika,
Mpatse mpando, mpatse moto!

Dzuwa lidakwera. Njati adapuma mofulumira. Dzuwa lidakweranso. Njati adatulutsa lilime. Lisanafike pamutu, Njati adati, "Ine ntchito iyi ayi," nathamangira m'chigwa. Nkhanu adamutungira madzi, iye adamwa, nasiya nkhwangwa pansi pa mkuyu.

Tsiku lachiwiri adakwera Nguluwe, akudzitama kuti khungu lake ndi lolimba. Nyama zidaimba nyimbo yomwe ija. Dzuwa lidakwera. Nguluwe adayesa kukumba kuti abisale, koma mwala sukumbika. Dzuwa lidakweranso. Nguluwe adalira ngati wagwidwa pamsampha, natsika liwiro mpaka pakasupe. Nkhanu adamutungira madzi, iye adamwa, nasiya nkhwangwa yake pambali pa ya Njati.

Tsiku lachitatu Fisi adatukwana anyamata ake kuti ndi amantha, nakwera yekha. Adakhala pansi pakati penipeni pa thanthwe, adapinda miyendo, adatseka maso, n'kumaganiza za makala.

"Muli bwanji kumeneko, a kapitawo?" adafunsa Gulo.

"Kukuzizira," adayankha Fisi.

Dzuwa lidakwera. Ubweya udayamba kununkha.

"Nanga tsopano, a kapitawo?"

"Kamphepo kayaziyazi," adatero Fisi, mawu akutuluka movutikira.

Dzuwa lidafika pamutu, ndipo thanthwe lidatentha ngati chiwaya. Gulo adangotembenuka kuti awothe mbali inayo, pajatu kwa iye kumeneko kudali kudya bwino. Fisi adanyamula thako ili, adanyamula linalo, adaluma mano. Umbombo udamuuza kuti pirira, koma matako adakana. Mwadzidzidzi adalumpha, utsi uli tolotolo kumbuyo, natsika chitunda akukuwa. Adadutsa nkhalango, adadutsa nyama zonse, nadziponya m'nyanja pafupi ndi Mvuu, phava!

Tsono mchere pachilonda, inu mukudziwa.

"Mayo! Ndapsa ine! Bwana, pamwala paja si pamalo! Dzuwa lonse la dziko lapansi limakhala pamenepo! Limafika m'mamawa, silichoka, silipuma, palibe ngakhale tsamba lolitchinga!"

Mvuu adatulutsa makutu m'madzi, nayang'ana kapitawo wake nthawi yaitali.

"Fisi, wati dzuwa lonse lili kuti?"

Fisi adatseka pakamwa, koma mawu adali atatuluka kale.

"Mwamva nokha, a Mvuu," adatero Gulo ali pamwamba pa mwala. "Ine mlesi sindinawonjezepo kanthu."

Eee, chisangalalo chake! Nkhanu adavina chammbali mpaka kugwera m'kasupe. Mvuu, ndi manyazi, adatuluka m'madzi nakwera chitunda chija ndi miyendo yake, akupumira m'mwamba, kuti akaone yekha. Njati ndi Nguluwe adasenza magalasi, nyama zonse zikuthandiza, ndipo adawayala pa Dazi popanda kuthyola nthambi ndi imodzi yomwe. Gulo ndiye ankaloza kuti ili liyang'ane uku, ilo lipendeke chonchi, chifukwa njira ya dzuwa ankaidziwa kuposa wina aliyense. Kuyambira tsikulo palibe adamutchulanso mlesi.

Magetsi adayaka pa Nankhwazi, mikuyu idakali chiimire, ndipo kasupe akutumphukabe mpaka lero. Fisi adachotsedwa ukapitawo, nabwerera kwawo kutsidya la nyanja wopanda ngakhale khala limodzi. Mukadzamuona akuyenda chotsimphina, kumbuyo kutatsika, dziwani kuti ndi zipsera za pa Dazi. N'chifukwa chakenso safuna kukumana ndi dzuwa.

Phunziro lake ndi ili: ukabweretsa chabwino kwa eni, funsa eni malo pochiika, chifukwa amene amakhalapo ndiye amadziwa pomwe pali dzuwa ndi pomwe pali madzi. Ndipo wabodza safuna mboni, amadzigwiritsa ndi pakamwa pake.

Yanga yathera pamenepa. Thamangani mukaphule mbatata ija, isapse ngati Fisi.