Kiyi Amene Anadikira Pamsomali

Pa shopu ina yosoka mayunifolomu a sukulu panali mayi wodula nsalu amene anzake ankamutchula kuti Sizasi. Dzinali silinabwere chifukwa cha ntchito yokha. Mayiyu anali wakuthwa m'manja ndi pakamwa pomwe, koma mawu oti "ndithandizeni" sankatuluka pakamwa pakepo ngakhale pavute motani. Choko chikamuthera, ankalemba nsalu ndi kachidutswa ka sopo m'malo mopempha kwa mnzake wa tebulo loyandikana nalo.

Sizasi anabwerera kuntchito mwana wake wamkazi ali ndi miyezi itatu. Masana khandalo linkatsala ndi mkulu wake wa Sizasiyo, amene ankakhala nawo pakhomo. Vuto linali loti mwanayo sankayanjana ndi mkaka wa m'chitini. Anamuyesa kawiri, ndipo kawiri konse anasanza n'kutuluka totupa m'masaya. Choncho tsiku lililonse pankafunika mabotolo atatu a mkaka wa m'mawere, ndipo mayi wake ankayenera kuufinya ali kuntchito, ndi kampope ka pamanja kamene ankakanyamula m'chikwama.

Tsiku loyamba, kapitawo wa pashopupo anamulandira pakhomo. Anali bambo wachikulire wamanyazi, wa mtundu uja wolankhula akuyang'ana nsapato zake.

"Takulandirani, mayi. Mwana akukula? Kaya pali china chimene mungafune kuti tikonze pano?"

"Palibe, bwana. Zonse zili bwino."

Anayankha choncho akuyembekezera kufunsidwanso, ngati mlendo amene wakana tiyi koyamba kuti amukakamize. Kapitawo sanafunsenso. Anangogwedeza mutu n'kulowa mu ofesi mwake, ndipo Sizasi anayamba kusunga chakukhosi kuyambira ola lomwelo. Bambo wa ana asanu angalephere kudziwa zimene mayi woyamwitsa amafuna? Maso ali nawo. Ngati ali ndi umunthu aona okha.

Ndiye mayi wanzeru zake, wodziwa kudula malaya makumi awiri nthawi imodzi osaphonya, anasankha kukafinyira chakudya cha mwana wake kuchimbudzi. Chimbudzicho chinali chimodzi cha anthu khumi ndi anayi, ndipo loko wake anathyoka kalekale. Sizasi ankaima chilili, phazi limodzi litatchinga chitseko, botolo kudzanja lina, kampope kudzanja lina. Asanafike patali, wina ankagogoda. Mkaka si madzi a pampopi oti ungotsegula n'kutunga. Umafuna munthu atakhala pansi, mtima uli m'malo, ndipo ukamva kugogoda umabwerera kumene wachokera.

Firiji inalipo, mu ofesi ya kapitawo, ndipo munkangokhala mabotolo awiri a madzi akumwa. Sizasi sanapemphe malo. Mkaka wake ankaukulunga m'kansalu konyowa n'kuubisa pansi pa tebulo. Kawiri konse anafika nawo kunyumba utasasa chifukwa cha kutentha kwa m'basi, ndipo anautaya yekha m'sinki akumeza misozi.

Inalinso nyengo yoti sukulu zatsala pang'ono kutsegulira. Makina osokera ankalira kuyambira m'mawa, ndipo aliyense ankadikira manja a munthu mmodzi. Sizasi akangochoka patebulo, osoka ankayamba kufuula kuti matumba atha, manja a malaya ali kuti. Kufinya katatu patsiku kunatsika kufika kawiri, kenako kamodzi, nthawi ya nkhomaliro, iye osadya.

Mayi wosoka makolala, amene anayamwitsapo ana ake atatu, anaona zonsezi ndipo tsiku lina anamunong'oneza.

"Amwali, mukuzunzikiranji? Kalankhuleni ndi akapitawo. Kachipinda kosungiramo zidutswa za nsalu kaja kamangokhala."

"Ine sindipempha chinthu chimene ndi ufulu wanga," anatero Sizasi, akupitiriza kudula.

Yankholi linamveka lolemera ndithu, ndipo mwini wake anasangalala nalo mpaka madzulo. Koma silinadzaze botolo ngakhale theka.

Kunyumba, mkulu wake uja anali atatopa. Tsiku lina anamulandira ataima pakhomo, mwana akulira paphewa.

"Iwe, botolo lachitatu lili kuti?"

"Lero ndapeza awiri, achemwali."

"Awiri ake ati? Ili ndi theka. Mwanayu wayamba kuyamwa chala changa kuyambira masana. Ine ndimupatse chiyani, nyimbo? Wawauza abwana ako?"

"Ndikawauze chiyani? Akuona okha."

"Akuona chiyani? Bulawuzi yako ili ndi windo?"

Bambo a mwana, amene anali pampando, anati mwina apite okha akalankhule ndi kapitawoyo mwaulemu. Sizasi anawayang'ana kamodzi kokha, ndipo nkhaniyo inathera pomwepo. M'malo mwake anayamba kumwa madzi ndi tiyi ngati ngamila, n'kumayesa malangizo onse amene amayi a m'basi ankamupatsa. Chinthu chimodzi chokha chimene chikanathandiza ndicho anachikana.

Patatha mwezi anapita ndi mwana kusikelo. Namwino anamuyeza, anayang'ana khadi, n'kumuyezanso. Kulemera kwake kunali komwe kuja kwa mwezi watha.

"Kuntchito mumafinya kangati, mayi?"

"Kamodzi."

"Bere limapanga mkaka molingana ndi umene wachotsedwa. Mukalisiya lodzaza tsiku lonse, limaganiza kuti mwana wakhuta, ndiye limachepetsa. Kulibe malo kuntchito kwanuko?"

"Sanandipatse."

"Munapempha?"

Sizasi anayamba kumanga mwana kumbuyo ngati sanamve. Mantha anali atamugwira ndithu, chifukwa mzere wa pakhadi umene unkayenera kukwera unali utagona. Komabe tsiku lotsatira anadutsa pakhomo pa ofesi ya kapitawo khosi lili chilili, n'kukatchinganso chitseko cha chimbudzi ndi phazi. Liuma lina limafika poti munthu woonera umafuna kumugwira mapewa n'kumugwedeza.

Masiku atatu pambuyo pake, bere lakumanzere linatupa n'kuuma ngati mwala. Thupi lonse linatentha. Ali choncho anayala nsalu yoyera ya malaya, makumi awiri kusanjikiza, n'kuyamba kudula. Atadzuka pa kuwerama kuja anaona zinthu ziwiri. Anali atadula kunja kwa mzere, nsalu yonseyo n'kuwonongeka, chinthu chimene sanachitepo chiyambire ntchito. Ndipo mkaka unali utapyola bulawuzi ndi epuloni, ukudontha pansalu yoyerayo, mkaka womwewo umene mwana ankaulirira kunyumba.

Makina anasiya kulira amodziamodzi. Kapitawo anatuluka mu ofesi kudzaona chimene chachitika, ndipo chakukhosi cha mwezi wathunthu chinaphulikira pa iye.

"Muli ndi ana asanu inu, koma simungaone kuti munthu akuvutika? Mwezi wonse ndikufinyira mkaka wa mwana wanga kuchimbudzi, nditaima ngati wakuba. Mwana wasiya kukula. Ndikufuna malo okhala pansi, chitseko chotsekeka, mphindi makumi awiri katatu patsiku, ndi malo mufiriji. Ndalakwa kubereka?"

Kapitawo anapita kuseri kwa chitseko cha ofesi, n'kuchotsa pamsomali kiyi womangiriridwa kansalu kofiira. Anatsegula kachipinda ka zidutswa kaja. Zidutswa munalibe. Munali mpando wa khushoni, katebulo, ndi katani yatsopano pawindo, yosokedwa ndi nsalu zotsala za masiketi. Pampandopo panali fumbi la mwezi umodzi.

"Ndinakonza sabata imene munali musanabwere," anatero bamboyo, maso ali pansapato. "Mayi a kunyumba ndi amene anandiuza zofunika. Tsiku loyamba ndinakufunsani, munati palibe. Ndiye ndinaganiza kuti mwina mwana ali pa mkaka wa m'chitini. Ine mwamuna ndikanayamba bwanji nkhani ya mawere ndi mkazi wa mwini wake?"

Wosoka makolala anangopukusa mutu n'kuyambiranso kuponda makina ake. Sizasi analowa m'kachipindako, anapukuta fumbi ndi epuloni yonyowa ija, anakhala pansi n'kulira.

Tisamuyeretse kapitawoyo. Nayenso manyazi ake anali opusa, chifukwa akanatha kutuma wosoka makolala kuti akapereke kiyi. Koma manyazi akewo sanamupweteke pena paliponse. Ankadya nkhomaliro yake bwinobwino, ana ake asanu ali okhuta. Amene bere linatupa anali Sizasi, ndipo amene ankayamwa chala masana anali mwana wa Sizasi.

Kuchipatala anamupatsa mankhwala, n'kumuuza kuti asasiye kuyamwitsa. Mkaka sunabwerere tsiku limodzi. Zinatenga masabata atatu akulowa m'kachipinda kaja katatu patsiku, wotchi ili patebulo, kuti botolo lachitatu lidzazenso mpaka pakhosi. Tsiku limene analibweretsa, mkulu wake analikweza m'mwamba kuliyang'ana pa kuwala.

"Ndiye botolo ili linali pamsomali nthawi yonseyi," anatero.

Mwezi wotsatira sikelo inakwera. Koma pakhadi la mwanayo pali malo amodzi pamene mzere unagona, ndipo sipadzafufutika. Sizasi akamalitsegula amapaona, ndipo amadziwa kuti sipanagonetsedwe ndi matenda kapena kusowa, koma ndi mawu awiri amene anayankha pakhomo pa shopu m'mawa uja. Anadikira mwezi wathunthu kuti munthu amene sakumva ululu adzuke kudzamutsegulira, kuiwala zimene akuluakulu ananena kalekale, kuti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.