Ndere za Mkamwini wa Kumapiri

Ine ndine Rahmi. Nkhani iyi ndi ya pakhomo pathu ndipo ndimachita nayo manyazi, koma cholembera sichichita chibwibwi ngati ine.

Kwathu kuno ku Takalar, kugombe la nyanja yamchere, ntchito imayambira pansi pa nyumba, poti nyumba zathu zimakhala pamwamba pa mizati. Azimayi amakhala pamthunzi pakati pa mizati, manja akumangirira mbewu za ndere pazingwe, pakamwa pakugwiranso ntchito yake. Azibambo ndiwo amapita nazo zingwezo pabwato kukaziyala m'nyanja kuti nderezo zikule tidzagulitse, mabotolo akuyandama pamwamba. Pa ulimi umenewu bambo anga, a Daeng Tarru, anali mwini dzina. Mbewu ikasowa m'mudzi, mapazi onse ankaloza kwathu.

Kenaka mlongo wawo, azakhali a Nurlia, anakwatiwa ndi a Sangkala, mlimi wa mpunga wa kumapiri, amene tsiku loyamba kukwera bwato anasanza mpaka ana kugwa ndi phwete. Bambo anawagawira malo m'nyanja pafupi ndi athu. Ataona kalimidwe kawo, anagwira nthiti. Bambo ankazula udzu wa pansi pa nyanja n'kuthithikiza zingwe kuti pasagone malo. A Sangkala udzuwo anausiya, zingwe n'kuzitalikitsa.

"Alamu, mipata yonseyi mukusungira ndani?" anatero bambo. "Njati zanu zolimira za kumapiri zizidutsamo?"

"Mpunga womwe umafuna mpweya, alamu," anayankha a Sangkala. "Udzuwonso ndi chikuta cha nsomba. Ndikauzula, ziziswana m'bwato mwanu?"

Sipanapite zaka zambiri, kuseka kunasamuka nyumba. Ndere za a Sangkala zinkatuluka zonenepa ngati zala za khanda. M'mono mwawo simunkasowa nsomba, ndipo ankatenga zazikulu zokha, tiana n'kutibweza m'madzi. Ofuna mbewu anayamba kudutsa pakhomo pathu ndi moni wapatali, madengu ali pamutu, ulendo wa kwa azakhali.

Nsanje ili ngati dzimbiri pa nangula: imadya chitsulo chimene yakhalapo. Bambo anayamba kuwonda ndi zokolola za mnzawo. Azakhali akatumiza nsomba yowotcha, ankaikankhira kumbali, ati ikununkha matope.

"Matopewo ali m'mphuno mwanu, bambo a Rahmi," amayi ankatero akuinyema. "Ife tidya."

Nyengo yotentha itafika, nyanja inangoti zii, madzi ofunda ngati otsukira mbale. Nthawi yomweyo kumapiri kunagwa maliro a mayi awo a Sangkala. Azakhali anali ndi pakati potopa, sakanatha kuyenda kapena kupalasa. A Sangkala anabwera kwathu chisoti chili m'manja.

"Alamu, maso anu akhale anga mpaka ndibwere."

"Pitani bwino. Nyanja ndi yathu iyi."

Kuno kuli lamulo limene palibe analilemba. Ukaona ndere zayamba kuyera kunsonga, ngakhale zikhale za mdani wako, umadula zoyerazo tsiku lomwelo, n'kutsitsa zingwe pamadzi ozizira, n'kukauza mwini wake. Nthenda yoyerayo imaoletsa ndere ngati masamba ogonetsa mumphika. M'mawa wina bambo anakweza chingwe cha a Sangkala, n'kupeza nsonga zitayera mbuu. Anasolola mpeni. Anauyang'ana, anayang'ananso ndere zonenepa zija. Kenaka anaubweza m'chiuno, chingwe n'kuchisiya chimire. Izi anadzaulula okha kwa amayi, ine ndikupeta mpunga pafupi, ndikunamizira kusamva.

Pobwera anapeza azakhali atakhala pamakwerero a nyumba yawo.

"Achimwene, munda wa mlamu wanu ukuti bwanji?"

"Ukuseka, chemwali. Si wa katswiri kodi?"

Chimene nsanje inawaiwalitsa, mwana aliyense wa kuno amachidziwa: madzi akamaphwa, amachoka kwa a Sangkala n'kudzera kwathu. Tizidutswa toola tinathothoka n'kudzakodwa m'zingwe za bambo. M'munda wa a Sangkala, momwe madzi ankayenda momasuka, nthendayo inkakwawa. M'mwathu, mothithikana muja, inathamanga ngati moto wa m'dambo louma. Bambo anadula, anatsitsa zingwe, anapserera msana padzuwa, koma chingwe chilichonse chinkatuluka choterera, chonunkha. Panalibe chogulitsa, panalibe ngakhale chobzala.

A Sangkala atabwera anapeza theka la munda wawo litapita, koma theka linalo analipulumutsa. Sanafunse kanthu. Anangoyang'ana zingwe zawo zosadulidwa ndi mpeni wa munthu. Azakhali ndiwo sanakhale chete, ndipo mudzi wonse unamva.

Nyengo yobzala inafika, mbewu yabwino ili pakhomo limodzi lokha. Bambo anazengereza mpaka mpunga unatsala pansi penipeni pa thumba. Tsiku lina anavala nsalu yawo ya ku mzikiti n'kupita. Anapeza amayi a m'mudzi atadzaza pansi pa nyumba, azakhali ali pakati, khanda lili pamiyendo.

"Chemwali, ndabwera... za mbewu."

"Mbewu ya munda woseka uja?" anatero azakhali. Amayi aja anabisa nkhope m'mipango.

"Mayi a mwana, zakwana," a Sangkala anatero motsitsa. "Apatseni."

"Ndiwapatsa. Koma pano mbewu amalandira ndi amene wamanga nawo zingwe. Achimwene, mphasa iyo."

Bambo anayang'ana kunyanja, anayang'ana mphasa. Kenaka mwini dzina uja anapinda miyendo pakati pa azimayi, n'kutola chingwe cha mlamu wawo. Zala zawo zikuluzikulu zinkalephera mfundo.

"Osafinya, Daeng," anatero mayi wina wachikulire. "Ndi ndere izo, si khosi la mlamu wanu."

Panthawiyi ngakhale a Sangkala analephera kudzigwira, anaphulika kuseka. Bambo sanadzutse mutu. Anamanga mpaka dengu linatha.

Kusukulu tinaphunzira kuti nyanja ilibe mpanda. Akuluakulu anazinena kale m'mawu ochepa: mnzako akapsa ndevu m'zimire, mawa adzazima zako.