Bawuti ya Pamwamba

Kumapiri a ku Neno kunali mayi wina dzina lake Ndaziona, amene ankayendetsa galimoto ya bambo ake. Inali galimoto yakale yokoka ndi matayala onse anayi, ndipo mvula ikagwa, m'dera lonselo ndi yokhayo imene inkakwera zitunda. Inkanyamula mbatata kupita kumsika, inkanyamulanso odwala kupita kuchipatala. Bambo akewo anaiyendetsa zaka zambiri mpaka ng'ala inawaphimba maso. Chiwongolero anasiya, koma makutu anatsala nawo. Ankakhala pakhonde, ndipo galimoto ikamalowa pabwalo ankadziwa ngati yabwera bwino kapena yabwera ikudandaula.

Tsiku lina m'dzinja anamuuza mwana wawoyo kuti pansi pa galimoto pakulira kanthu ngati njuchi, ndipo si injini. Ndaziona anavomera kuti nayenso wakhala akumva, makamaka pokhota.

Bambowo anamufotokozera kuti kuseri kwa giyabokosi kuli kabokosi kachitsulo kamene amakaniko amakatcha thiransifa. Injini imabala mphamvu, koma kabokosiko ndi kamene kamaigawa, ina kumatayala akutsogolo, ina kumatayala akumbuyo. Akumbuyo akamaterereka m'matope, akutsogolo amakoka, galimoto n'kutuluka. M'kati mwake muli tcheni ndi magiya osambira mu oyilo. Oyiloyo akakalamba amada, ndipo zitsulo zimayamba kudyana. Anati kabokosiko anthu amakaiwala chifukwa kali pansi, ndipo sikadandaula msanga.

Ndaziona anakagula oyilo watsopano kuboma. M'mawa mwake anaimika galimoto pamalo osapendekeka, nayala chiguduli, nalowa pansi pake chagada, sipanala ili m'manja, beseni lili pambali. Bambo ake anadzikoka ndi kampando kawo nakhala pafupi ndi tayala.

Kabokosiko kanali ndi mabawuti awiri: ya pansi yokhuthulira oyilo wakale, ya pamwamba yothirira watsopano. Ya pansi inali poyera, yosavuta kufikira. Ndaziona anaikoleka sipanala, ndipo inangomvera kamodzi kokha. Bambo aja atamva chitsulo chikulira, anapisa dzanja pansi pa galimoto namugwira mwendo.

"Imeneyo ndi iti, mayi?"

"Ya pansi, bambo. Ndichotse kaye zoipazi."

"Ibwezere. Yamba waona ngati ya pamwamba itseguke."

Ndaziona anaseka, poti anaona ngati ndi mwambo chabe wa achikulire. Komabe anaimanganso, nakoleka sipanala pa ya pamwamba. Sinasunthe. Anakoka ndi manja onse awiri, phazi ataponda tayala, mpaka khungu la chala linasupuka. Dzimbiri ndi matope a zaka zinali zitaigwira ngati inabadwira pomwepo.

Mtima unamuwawa. Anafuna kuimenya ndi hamala, koma bambo ake anati ukaipweteka mutu, palibenso sipanala imene idzaigwire. Anamuuza kuti aipukute, aidonthezere palafini, aigogode pang'onopang'ono ngati akugogoda pakhomo pa apongozi, kenako aisiye imwe. Iye anachita zonsezo akung'ung'udza. Anati tsiku likupita pachabe, ndipo akanakhuthula oyilo wakudayo bwenzi theka la ntchito latha. Bambo aja anangomupempha dzanja losupukalo, nalipapasa, nalimanga ndi kansalu.

Ali pomwepo mvula inayamba. Isanakate n'komwe, panafika mwamuna wina wa kutsidya kwa mtsinje, zovala zili chonyowa, mpweya uli m'mwambamwamba. Mkazi wake anali woyembekezera, nthawi inali itakwana, ndipo azimayi amene anali naye anati zinthu sizili bwino, afunika kuchipatala msanga.

Ndaziona anayang'ana beseni lija. Linali louma. Oyilo yense, wakuda yemweyo, anali adakali m'kabokosi. Akanakhala atakhuthula, pothirira pali potseka, galimotoyo ikanakhala ngati mwala pabwalo, ndipo galimoto ina inali kutali.

Anakoka chiguduli, naliza injini, napita kukamutenga mayiyo.

Msewu unali phala lokhalokha. Pa chitunda cha pafupi ndi mtsinje matayala akumbuyo anayamba kuvina, galimoto ikupita chammbali, mayi wodwala uja akubuula kumbuyo. Ndaziona anagwiritsa chiwongolero, ndipo anamva akutsogolo akuluma nthaka. Kabokosi kaja kankalira, koma kankagawabe mphamvu. Anakwera. Anafika kuchipatala nthawi ilipo, ndipo mayiyo anachira, mwana wamkazi ali m'manja.

Pobwera Ndaziona anapeza bambo ake ali pakhonde pomwe paja. Anawauza za mwanayo, iwo n'kuwomba m'manja mwakachetechete.

Kutacha analowanso pansi pa galimoto. Anadonthezeranso palafini, nagogoda, nadikira. Atakoleka sipanala, bawuti ya pamwamba inalira pang'ono n'kumasuka. Apo m'pamene anatsegula ya pansi. Oyilo anatuluka wakuda bii, wonunkha chopsa, muli timizere tonyezimira ta chitsulo. Atatha kudontha, anatseka pansipo, nathira watsopano ndi botolo ndi kapaipi mpaka anayamba kusefukira pakamwa pa bowo. Anatseka, napukuta, nazungulira bwalo kamodzi. Bambo ake anapendeketsa mutu, namvetsera, ndipo anati njuchi zasamuka.

Tsono inu amene mukundimva, m'nyumba zanu muli anthu amene mwawaona kuti oyilo wawo wada: mwamuna, mkazi, mwana, mbale. Dzanja limathamangira bawuti ya pansi, chifukwa kudzudzula n'kosavuta. Koma musanamukhuthule munthu, yambani mwaona ngati pothirira pali potsegula. Kodi mawu anu abwino amalowa mwa iye? Ngati salowa, dikirani kaye, gogodani mofatsa, mufewetseni ndi chikondi. Munthu wokhala ndi zolakwa zake amayendabe, ndipo tsiku lina angakunyamuleni. Koma amene mwamukhuthula n'kumusiya wouma, sayendanso.