Sizasi Yokhomeredwa M'kabati

Che Ajasi Mpulula anafika kunyumba kwa Shehe Twaibu Likongwe Lachinayi masana, dzanja lamanja lili m'bandeji mpaka m'chigongono. Ine, mphunzitsi wa pamadrasa, ndinali pakhonde ndi Shehe tikukambirana za mayeso a ana. Ndinene chilungamo, mlendoyo sindinkamukonda kwenikweni. Anali ndi shopu ya utelala yaikulu kuposa zonse pa Ntaja, ya makina asanu ndi limodzi, ndipo poyenda ankachita ngati msewuwo anausoka yekha.

Anapereka salamu, Shehe anayankha nawalozera pamkeka. Anakhala cham'mphepete, ngati munthu amene sakufuna kuchedwa.

"Shehe, madzi andifika m'khosi," anatero Che Mpulula. "Sukulu ina inandipatsa ntchito ya mayunifomu mazana awiri, ndipo ndinalonjeza kuti Lolemba akhala atatha. Dzulo ndagwa panjinga yamoto. Adokotala akuti dzanja ili lipume milungu itatu. Ndikalephera Lolembali, dzina langa lathera pomwepo. Palibe sukulu imene idzandiyang'anenso."

"Pepani kwambiri, Allah akuchizeni. Nanga matelala anu aja?"

"Ndi amene andibweretsa kuno. Angokhala, manja lende! Nsalu ili apo, makina ali apo, iwo akungondiyang'ana. Ndiye wamkulu wawo, Sumaili, wandiuza kuti mwezi uno ukatha akusiya ntchito, ndipo awiri akuti amutsatira. Ndikupempha mubwere mukawalalikire. Inu amakuopani. Mukawauze zimene chipembedzo chimanena za wantchito waulesi ndi wosayamika."

Shehe anafunsa mofatsa kuti, "Angokhala chifukwa chiyani?"

"Nsalu yodula kale yatha."

"Amadula ndani?"

"Ine ndekha. Kudula si masewera, Shehe. Msoko ukakhota umaphwasula n'kusokanso, koma nsalu ukaidula molakwika, yapita. Sizasi ndimakhomera m'kabati, kiyi ali pano." Anagunda thumba la malaya ndi dzanja lamanzere.

"Sumaili wakhala nanu zaka zingati?"

"Khumi ndi chimodzi."

"Zaka zonsezi sanaphunzire kudula?"

"Amadziwa, ndipo vuto lake ndi lomwelo. Chaka chatha ndikudula nsalu ya suti, anandiuza pamaso pa anzake kuti ndapereweza inchesi imodzi. Ine amene! Ndinamuuza kuti ndinalemba ntchito manja ake, osati pakamwa pake. Kuyambira tsiku limenelo salankhulanso za ntchito, ndipo anzake nawonso ali duu."

"Inchesiyo inaperewera ndithu?"

Che Mpulula anayang'ana bandeji yawo. Ine ndinakhazikika bwino pamkeka, mtima ukusangalala kuti lero odzikuza adzudzulidwa ndikuona. Allah andikhululukire. Koma nthawi yomweyo kunamveka kuitana kwa swala ya Asiri, pemphero la chakumadzulo, ndipo Shehe anangotenga ndodo yawo.

"Tiyeni tikaswali kaye," anatero.

"Shehe, nthawi ikundithera."

"Mwini nthawi ndi amene akutiitanayu. Tiyeni."

Swala ya Asiri ili ndi zigawo zinayi, zimene timazitcha maraka. Kumzikiti Shehe ndiwo anali imamu, wotitsogolera, ife tinandanda kumbuyo kwawo. Anali atakalamba, ndipo tsikulo, atamaliza raka yachinayi, m'malo mokhala pansi anayamba kudzuka kuti ayambe yachisanu. Ine ndinazindikira. Ndinali mumzere woyamba, lamulo ndinkalidziwa, ndimaliphunzitsanso ana, koma sindinawakumbutse. Anali mantha enieni: ndinaopa kuchititsa manyazi mphunzitsi wanga pamaso pa mlendo wonyoza uja.

"Subhanallah!"

Mawu okumbutsa imamu akaiwala aja anamveka mwamphamvu kudzanja langa lamanzere. Anali Che Bwanali, ogulitsa makala pamsika, amene zikhadabo zawo sizinkayera ngakhale atazisamba chotani. Shehe anabwerera pansi pomwepo, anawonjezera kugwetsa nkhope pansi kawiri monga achitira woiwala, namaliza swala. Kenako anatembenuka, nagwira dzanja la Che Bwanali ndi manja awiri.

"Allah akulipireni zabwino. Mwatisungira swala tonsefe."

Titatuluka mumzikiti, Che Mpulula sanadikire n'komwe kuti Shehe avale nsapato.

"Mundikhululukire, Shehe, koma zimenezi zandinyansa. Munthu wa makala kukukonzani inu pagulu, inu n'kumuthokoza? Mawa adzakukwerani pamutu. Ndi matenda omwewa amene alowa m'shopu mwanga."

"Che Mpulula, amene anaiwala uja ndani?"

"Ndinu, koma..."

"Ndine. Che Bwanali akanakhala chete, tonse tikanalakwitsa limodzi, mwaulemu kwambiri."

Sanandiyang'ane ponena mawuwa, koma ine makutu anatentha.

Shehe anapitiriza: "Mukudziwa chifukwa chake imamu amafuna anthu odziwa aime kumbuyo kwake penipeni? Amadziwa kuti tsiku lina adzaiwala, ndipo adzafuna womukumbutsa. Amadziwanso kuti tsiku lina adzadwala swala ili mkati. Zikatero amagwira mmodzi dzanja n'kumuimika pamalo pake, swala n'kumapitirira. Mukaona mzikiti umene anthu amabwerera kwawo osaswali chifukwa imamu wathyoka dzanja, musawanene anthuwo ulesi. Funsani imamuyo zimene wakhala akuchita zaka khumi ndi chimodzi."

Anthu ena anali ataima chapatali, akunamizira kufunafuna nsapato zawo.

"Ndiye simubwera?" anafunsa.

"Sindibwera. Ulaliki umene anthu aja akuudikira uli m'thumba lanu la malaya. Sumaili munamutseka pakamwa anzake akuona, ndiye mukamutsegulenso anzakewo akuona. Mukanene ndi pakamwa panu kuti inchesi ija inaperewera. Mukamupatse kiyi, azidula iye, anene iye wosoka makolala ndi wosoka manja. Inu mukakhale kumbuyo kwake, ndipo mukaona waiwala, mumukumbutse monga anachitira Che Bwanali: liwu limodzi, lopanda chipongwe."

Dzanja lamanzere la Che Mpulula linalowa m'thumba. Ndinamva kiyi akulira, koma sanamutulutse. Kwa nthawi yoyamba ndinawamvera chisoni, chifukwa ndinaona kuti kunyada kwawo konse kuja anali mantha, onga amene anandigwira ine mumzere muja.

"Shehe," anatero motsitsa mawu, "nsaluyo ndi ya eni ake. Nanga akakaiwononga?"

"Akaiwononga, mudzagula ina. Nsalu amagulitsa pa mita, Che Mpulula, ku Limbe yadzaza. Koma munthu wolimba mtima kukuuzani kuti mwalakwitsa sagulitsidwa m'sitolo iliyonse. Inu munali naye mmodzi, ndipo akuchoka mwezi uno ukatha."